Lipoti la maphunziro a ma VLAN ku Lilongwe, kwa mamembala a gulu lathu la ku Kasungu

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma, ndi inu nonse amisiri anzanga a makompyuta ndi manetiweki kuno ku Kasungu, moni.

Kumene munandituma kuja ndabwerako bwino. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe lipotili n'kuliika pa gulupu tisanakumane Loweruka, chifukwa pa misonkhano yathu nthawi imathera pa nkhani ya zopereka, za ntchito yeniyeniyo n'kumakambidwa anthu ataimirira kale kuti azipita. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kale m'manja mwa a Msungichuma. Funso lija ndinaliona, loti bwanji gulu liwononge ndalama kutumiza munthu kukaphunzira zinthu zoti zili pa YouTube. Sindinakhumudwe nalo. Koma pa YouTube palibe amene angakuikire maswitchi enieni patebulo n'kukuuza kuti lumikiza, sokoneza, ukonzenso wekha. Ndalama zanu zinapita pamenepo.

Za mwambo wotsegulira sindichedwapo: malankhulidwe, chithunzi cha gulu, tiyi. Gawo la kukhoma mitu ya RJ45 pa mawaya linali la zinthu zomwe aliyense wa ife amachita atatsinzina. Ogulitsa zipangizo anatidyera masana athunthu kutionetsa katundu woti palibe kasitomala wathu ndi mmodzi yemwe angamugule. Chimene chinandigwira mtima, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono, ndi gawo la ma VLAN, makamaka malamulo ndi malire a manambala ake pa ma port a switchi.

Ndiyambire pansi chifukwa cha anzathu a m'ma cafe ndi aziphunzitsi a m'malabu a sukulu amene sanagwirepo zimenezi. VLAN ndi njira yogawira switchi imodzi kuti izigwira ntchito ngati maswitchi angapo osaonana. Kompyuta ya mu labu ya ana ndi kompyuta ya mu ofesi ya ndalama zitha kulowa m'bokosi limodzi, koma ma port ake akakhala m'ma VLAN osiyana, sizilankhulana pokhapokha rauta italoleza. Lamulo lake ndi IEEE 802.1Q, lomwe linatuluka koyamba mu 1998. Frame iliyonse, kutanthauza kaphukusi ka data, ikamadutsa pa waya wochoka pa switchi kupita pa inzake imamatidwa kachizindikiro ka mabayiti 4, ndipo nambala ya VLAN imakhala m'menemo. Amene munaperekezapo fodya ku Chinkhoma mukudziwa mmene mabelo a alimi ambiri amakwerera lole imodzi osasokonekera, chifukwa belo lililonse lili ndi tikiti ya mwini wake. Port yonyamula ma VLAN ambiri chonchi imatchedwa trunk. Yolowetsamo kompyuta kapena pulinta imatchedwa access, ndipo imakhala ya VLAN imodzi. Kompyutayo chizindikirocho sichiona n'komwe.

Malo a nambala m'kachizindikiroko ndi ma bit 12. Ndiye manambala onse alipo 4096, kuyambira 0 kulekeza 4095. Koma 0 ndi 4095 ndi zosungidwa, simungazipereke kwa munthu. Zotsala ndi 1 mpaka 4094. Ambiri a ife nkhani timaithera pamenepa, n'kumaganiza kuti switchi iliyonse yolembedwa kuti imadziwa VLAN ingasenze 4094 yonseyo. Ayi ndithu.

Pa maswitchi a Cisco, ngati ma Catalyst 2960 akale amene adzaza m'maofesi mwathu muno, manambalawa anawagawa pawiri. Gawo loyamba ndi 1 mpaka 1005, lomwe amati normal range. M'gawo limeneli VLAN 1 imabwera kale ndi switchi, port iliyonse imayambira m'menemo, ndipo siifufutika. Kuyambira 1002 mpaka 1005 anasungira Token Ring ndi FDDI, manetiweki amakedzana oti kuno sitinawaonepo, koma manambala ake akadali otseka. Gawo lachiwiri ndi 1006 mpaka 4094, extended range. Kusiyana kwake si kukula kwa nambala kokha. Ma VLAN a gawo loyamba amasungidwa mu fayilo yakeyake ya mu flash yotchedwa vlan.dat. A gawo lachiwiri, pa VTP 1 ndi 2 (VTP ndi njira ya Cisco imene maswitchi amagawanirana mndandanda wa ma VLAN), salowa m'fayilo imeneyo: switchi iyenera kukhala pa transparent, kutanthauza yosatengera ma VLAN kwa inzake, kuti muwapange, ndipo amakhala mu running-config, config ya m'memori imene imafufutika switchi ikazima. Mukaiwala kulemba copy running-config startup-config magetsi n'kuthima, apita. VTP 3 ndiyo imanyamula magawo onse awiri. Komanso maswitchi ena a layer 3, ogwiranso ntchito ya rauta, amadzitengera okha manambala kuyambira pa 1006 kuti agwiritse ntchito mkati mwake pa ma port a routing, moti mutha kufuna 1006 switchi n'kukukanizani osadziwa chifukwa chake.

Malire ena ndi a bokosi lenilenilo. 2960 ya LAN Base imasenza ma VLAN 255 pa nthawi imodzi, ya LAN Lite 64. Ka TP-Link TL-SG108E, ka ma port 8 kamene timakakonda kaja chifukwa cha mtengo, kamalola nambala iliyonse ya m'kati mwa 4094, koma ma VLAN ogwira ntchito pamodzi sapitirira 32. Chimene chinandidzidzimutsa ndi cha spanning tree, njira imene switchi imatsekera loop, pamene data imangozungulira m'mawaya osatha. Pa 2960 ya LAN Base, PVST+, spanning tree ya Cisco yopatsa VLAN iliyonse instance yakeyake, imalekeza pa ma instance 128, ndiye ma VLAN akapitirira pamenepo otsalawo amayenda opanda chowateteza ku loop. Mwana wasukulu akangolowetsa mbali zonse ziwiri za waya mmodzi m'masoketi a pakhoma, netiweki yonse imagwada. Wina anena kuti ife sitidzafika ma VLAN 128. N'zoona. Koma amene amakopera ma config pa intaneti n'kupanga ma VLAN mazanamazana ndi mzere umodzi, poti akukonzekera za mtsogolo, amafikako osazindikira. Ndinaionapo switchi yotere kuno pa boma pompano.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndikanakonda nonse mukanakhalapo n'kuchiona ndi maso. Pa Cisco, trunk ikangopangidwa imalola ma VLAN onse, 1-4094. Ntchito ya mmisiri ndi kuchepetsa mndandandawo kuti padutse okhawo ofunika mbali inayo: switchport trunk allowed vlan 10,20,99. Manambala otsatana mutha kuwalemba ndi kamzere, monga 10-15, osasiya mpata pambuyo pa koma. Mphunzitsi wathu anaika maswitchi awiri kutsogolo, laputopu ina ikuchita ping (kuyesa ngati mbali inayo ikuyankha) mosalekeza pa pulojekita. Kenako anaitana mnyamata wina wa m'chigawo cha kummwera, amene analowa pa switchi yakutaliyo kudzera pa SSH, namuuza kuti awonjezere VLAN 40 pa trunk. Mnyamatayo analemba mofulumira, ngati munthu wozolowera: switchport trunk allowed vlan 40. Anangomenya Enter, mizere ya ping ija inasanduka Request timed out, ndipo windo lake lomwe linauma. Anayesa kumenyanso Enter, palibe. M'chipinda monse munali zii, kenako anthu anayamba kung'ung'udza, chifukwa ambiri anakumbukira tsiku limene zoterezi zinawagwera kuntchito kwawo.

Chimene chinachitika n'chakuti lamulo limenelo siliwonjezera, limachotsa mndandanda wonse wakale n'kuikapo watsopano. 10 inapita, 20 inapita, ndi 99 yomwe, imene iye mwini amalowera pa switchiyo. Kuti muwonjezere muyenera kulemba switchport trunk allowed vlan add 40, ndipo pochotsa imodzi mumalemba remove. Mphunzitsi sanamunyoze. Anangotulutsa kebulo ya console ya buluu wowala ija, yolowera mu switchi mwachindunji osadzera pa netiweki, m'chikwama, nalumikiza, PuTTY pa 9600, nabwezeretsa zonse. Kenako anatifunsa kuti switchi imeneyi ikanakhala kutali ndi kumene mwakhala, mukanatani? Ine maganizo anga anathamangira ku Nkhamenya ndi ku Chamama, nthawi ya mvula, kasitomala akuimba foni mosalekeza. Chodzitetezera chilipo ndipo n'chaulere: musanagwire trunk muli kutali, lembani reload in 10. Mukadzitsekera kunja, pakatha mphindi 10 switchi imazima n'kuyakanso ndi config yomwe inasungidwa kale. Zikayenda bwino mulemba reload cancel, kenako musunge.

Apa ndisabise mawu, a Wapampando. Gulu linagula kebulo ya console ndi ka adaputala kake ka USB ndi ndalama za zopereka zathu. Zili kuti? Ndinafunsa pa msonkhano wathawu, ndinauzidwa kuti zinabwerekedwa. Ndinafunsanso pa gulupu, anthu anangowerenga n'kukhala chete. Buku lolembamo zobwereka tinagwirizana kuti likhalepo, mpaka lero silinagulidwe. Munthu amene wadzitsekera kunja kwa switchi alibe khomo lina koma kebulo imeneyo, ndiye si kanthu kakang'ono koti tizingosekerera.

Kubwerera ku maphunziro. Lamulo loona zimene zikudutsadi pa trunk ndi show interfaces trunk, ndipo musamangoyang'ana mzere woyamba. Imaonetsa ma VLAN ololedwa, kenako ololedwa amenenso alipodi pa switchiyo, kenako amene spanning tree ikuwalola kudutsa. Kulemba nambala pa allowed sikupanga VLAN. Ngati switchi yapakati ilibe VLAN 30, katundu wa 30 amathera pomwepo ngakhale mbali zonse ziwiri zili bwino. Chinanso: mukafufuta VLAN imene ili ndi ma port a access, ma portwo sabwerera ku VLAN 1. Amangokhala osagwira ntchito mpaka muwapatse VLAN ina. Ambiri amathamangira kusintha waya kapena kunena kuti port yapsa ndi mphenzi.

Pali nkhani ya native VLAN, imene imadutsa pa trunk yopanda chizindikiro. Pa Cisco imayamba ili VLAN 1. Mbali imodzi ikakhala 1 inayo 99, zinthu za ma VLAN awiriwo zimasakanikirana, ndipo switchi imadandaula pa console kuti native VLAN mismatch. Anatilangiza kuti native ikhale nambala yopanda kompyuta iliyonse, yofanana mbali zonse, kuti titseke njira ya munthu woipa amene amamata zizindikiro ziwiri pa frame kuti adumphire mu VLAN ya ena. Port iliyonse ya munthu wamba ilembedwe switchport mode access, isasiyidwe kuti izikambirana yokha zokhala trunk, ndipo ma port osagwiritsidwa ntchito azimitsidwe. Izi ndikugwirizana nazo zonse.

Poti ambiri kuno timadalira MikroTik, ndinafunsa mwapadera za iyo. Pa RouterOS, pulogalamu yoyendetsa MikroTik, ma VLAN a pa bridge sagwira kanthu mpaka mutayatsa vlan-filtering, ndipo imeneyo muziyatsa pomaliza, mutaika kale bridge yeniyeniyo pa mndandanda wa tagged (wa ma port odutsitsa chizindikiro chija) wa VLAN imene mumalowera. Mukapanda kutero, Winbox, pulogalamu yolowera mu MikroTik, ikutayani. Dinani Safe Mode musanayambe. Kulumikizana kukaduka, rauta imabweza yokha zimene munasintha. Msampha wa manambala ulinso pano: mu tebulo la bridge vlan mutha kulemba ma vlan-ids ambiri pa mzere umodzi, koma mukatero n'kuikaponso ma port a untagged, ma port amenewo amakhala a ma VLAN onse a pa mzerewo. Mndandanda wautali ndi wa ma trunk okha. VLAN iliyonse yokhala ndi access ikhale ndi mzere wakewake, ndipo pvid ya port, nambala ya VLAN imene port imapatsa frame yolowa yopanda chizindikiro, igwirizane nayo. Pa ka TP-Link kaja n'chimodzimodzi: kuika port mu VLAN ndi tsamba lina, kuseta PVID ndi tsamba linanso, ndipo anthu ambiri amaiwala lachiwirilo.

Pa zimene msonkhano unagwirizana, ziwiri zikutikhudza. Choyamba, kuti pa manetiweki ang'onoang'ono ngati athu VTP iziikidwa pa transparent kapena kuzimitsidwa. Ndinakweza dzanja mosanyinyirika. Maswitchi athu ambiri ndi ogula akale, ochokera m'maofesi a anthu ena. Write erase, lamulo lofufuta config, silifufuta vlan.dat; muyenera kulemba delete flash:vlan.dat kenako reload. Switchi yobwera ndi dzina la domain lofanana ndi lanu komanso revision number (nambala imene VTP imawerengera zosintha) yokwera itha kufufuta ma VLAN a netiweki yonse ikangolumikizidwa pa trunk. Ndiye lamulo lathu likhale loti bokosi lililonse logula lakale liyambe layeretsedwa patebulo lisanakwere pa rack ya kasitomala.

Chachiwiri ndi chimene sindinagwirizane nacho, ndipo ndinanena pomwepo. Ambiri anakonda maganizo oti boma lililonse lizikhala ndi chigawo chakechake cha manambala a madijiti anayi, kuti manambala asamafanane. Papepala zikuoneka zaudongo. Koma nambala ya VLAN ili ndi tanthauzo mkati mwa netiweki imodzi yokha. VLAN 20 ya sukulu ya ku Santhe ndi VLAN 20 ya chipatala cha ku Chulu sizidzakumana, pokhapokha wina atazilumikiza ndi trunk, ndipo makampani akuluakulu ofuna kunyamula ma VLAN a makasitomala ambiri pa waya mmodzi ali ndi njira yawo, Q-in-Q ya 802.1ad. Nanga ife tikuthamangira chiyani ku manambala opitirira 1005, kumene ma 2960 athu akale amasunga zinthu mu running-config, m'dera limene magetsi amathima osatsanzika ndipo mabatire a ma UPS ambiri anafa kalekale? Anandiyankha kuti mmisiri wabwino saiwala kusunga. Ine ndinati dongosolo labwino ndi limene limapirira ngakhale tsiku limene mmisiri watopa. Mavoti anandipitirira, koma anavomera kuti ndi langizo chabe, si lamulo. Choncho ife tili ndi ufulu wosankha.

Maganizo anga ndi akuti tichite zosiyana ndi zimenezo: manambala akhale ofanana paliponse pamene membala wa gulu lino wagwira ntchito. Mwachitsanzo 10 ya ofesi, 20 ya labu kapena makasitomala, 30 ya Wi-Fi ya alendo, 40 ya makamera, 99 yolowera ife amisiri, ndi 999 ya native yopanda kanthu. Mnzathu akadwala kapena akapita kumaliro, wina atha kukafika pamalopo n'kudziwa pomwe ayambire. Ndikudziwa kuti ena simukondwa nazo. Ndinamvapo mawu akuti ukaika zinthu poyera mnzako akulanda kasitomala. Tikambirane poyera Loweruka, chifukwa maganizo omwewo ndi amene anatisiyira mavuto a pa sukulu ina ija, imene mmisiri wake anasamukira ku Mzuzu ndi pasiwedi m'mutu mwake. Ahedi akumeneko anachita kubwera kwa ife akudandaula, ndipo tinachita kuyambiranso config yonse popanda ndi pepala lomwe lolongosola kuti waya uti ukupita kuti. Mbiri imene inaipa si ya munthu mmodzi uja. Anthu amangoti amisiri a pa Kasungu ndi otero.

Pa sukulu yomweyo mpaka pano labu ya ana, ofesi ya ahedi ndi ofesi ya ndalama zili pa netiweki imodzi. Tinalemba kuti pagulidwe switchi ya managed, koma kunabwera ya unmanaged poti ndi yotchipa, ndipo amene anavomereza ndi mmodzi wa ife. Switchi ya unmanaged simungaiuze kanthu, ilibe poseta VLAN. Mwana aliyense wochenjera pang'ono atha kuona mafoda a mayeso ndi a fizi. Apa m'pamene gawo la malamulo lija linandithandiza, ngakhale wolankhulayo amangowerenga zimene zinali pa pulojekita. Dziko lino lili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo tsopano kuli Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ndiyo ikuyang'anira. Sukulu kapena chipatala chosunga mayina, zotsatira za mayeso ndi mbiri za odwala chili ndi udindo woziteteza. VLAN payokha si mpanda wokwanira, pamafunikanso malamulo a firewall pa rauta kuti 20 isafike ku 10, koma popanda kugawa kumeneku palibe poyambira. Tikamalemba makoteshoni tiziwafotokozera makasitomala zimenezi m'Chichewa chomveka, m'malo mongotsitsa mtengo kuti tipambane mnzathu.

Panalinso gawo la IPv6 ndi lina la kasamalidwe ka makasitomala. Mapepala ake ndawapereka kwa a Mlembi kuti ofuna akawerenge.

Pempho langa kwa komiti ndi loti Loweruka mundipatse ola limodzi loyambirira, nkhani ya zopereka isanayambe. Ndibwera ndi laputopu ndi MikroTik yanga. Amene muli ndi 2960 kapena ka TP-Link kosagwira ntchito pakali pano mubwere nako, pamodzi ndi mawaya afupiafupi, kuti aliyense alembe yekha allowed vlan, adzitsekere kunja, adzitsegulirenso. A Mlembi, ndikupempha kuti pa ajenda muikepo dongosolo la manambala kuti tilivotere, buku la zobwereka, ndi envelopu yomata ya mapasiwedi yomwe izisiyidwa kwa mwini malo aliyense amene tamugwirira ntchito. Popanda kebulo ya console zoyeserera za pa Cisco sizitheka, ndiye amene ali nayo aipereke kwa a Wapampando lisanafike Lachisanu.